Akazi achuluka pa udokotala wa mano, koma tsankho silinathe

Mu Disembala 2014 wailesi ya CBC ya ku Canada inaulutsa nkhani imene inagwedeza mzinda wa Halifax. Ophunzira aamuna 13 a chaka chomaliza pa sukulu ya udokotala wa mano ya Dalhousie University mumzindawo anali ndi gulu lawo lachinsinsi pa Facebook lotchedwa "Class of DDS 2015 Gentlemen". M'gulumo ankalembamo zonyoza akazi, ndipo ena mwa akaziwo anali anzawo a m'kalasi, otchulidwa maina. Anachititsa voti yofunsana kuti ndi mnzawo uti wamkazi amene angakonde kugona naye mwachidani. Ankasekanso za kukomola akazi ndi mankhwala a chloroform.

Chimene chinawawa anthu kwambiri ndi ntchito imene anyamatawa ankaphunzira. Kunali kutatsala miyezi yochepa kuti alandire madigiri, ndipo anali atayamba kale kuthandiza odwala m'chipatala cha sukuluyo. Munthu ukapita kwa dokotala wa mano amakugoneka chagada, kukamwa kuli yasa, kulankhula sungathe, mwina atakubaya jakisoni wa dzanzi kapena atakupatsa mankhwala ogonetsa. Umadzipereka wense m'manja mwa munthu wina. Tsono amayi a ku Halifax atamva kuti amene adzawagwire mawa amaona kukomola mkazi ngati nthabwala, mkwiyo wawo unali womveka. Anthu anachita zionetsero pasukulupo, ndipo bungwe lopereka ziphaso kwa madokotala a mano m'chigawo cha Ontario linapempha maina a ophunzirawo. Yunivesite inakana kuwapereka.

Pa 5 Januwale 2015 sukuluyo inalengeza kuti yawaimitsa onse 13 kugwira odwala. Koma njira yaikulu imene inasankha inali yoyanjanitsa: olakwa ndi olakwiridwa akhale pansi, akambirane, olakwawo avomere ndi kusonyeza kuti asintha. Amuna 12 analowa m'ndondomekoyi pamodzi ndi akazi ambiri a m'kalasimo, ndipo ena mwa akaziwo ananena poyera kuti anaisankha okha ndipo inawathandiza. Komabe akazi anayi analemba kalata kwa mkulu wa yunivesite, Richard Florizone, kunena kuti iwo sanaifune ndipo akuona ngati akukankhidwiramo. Pomafika mwezi wa Malichi anyamatawo anali atayamba kubwerera kuchipatala. Ine ndikuona kuti kuyanjanitsa kuli ndi malo ake, koma kumakhala chilungamo pokhapokha wolakwiridwayo atakusankha mwaufulu, ndipo akakana pakhale njira ina yoti dandaulo lake limvekere. Kupanda kutero kumasanduka zija timazimva kawirikawiri mtsikana akachitidwa chipongwe: "Zithere pompano, musamuonongere mnyamatayu tsogolo."

Chofunika kwambiri chinatuluka mu Juni 2015. Komiti yapadera yotsogozedwa ndi Constance Backhouse, pulofesa wa zamalamulo wa University of Ottawa, inatulutsa lipoti lokhala ndi malangizo 39. Inapeza kuti gulu la pa Facebook lija silinagwe kuchokera kumwamba. Makoma a chipinda chimene ophunzira ankachezeramo anali atadzaza ndi zolemba zolaula ndi zonyoza akazi kwa zaka zambiri, anthu akuona. Panali madandaulo okhudza khalidwe la aphunzitsi ena, ndipo ophunzira ankaopa kudandaula poganiza kuti abwezeredwa. Lipotilo linatchulanso tsankho la mtundu ndi kunyoza anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha. Anyamata 13 aja anangolemba pa intaneti zimene sukuluyo inali italolera kale.

Kuti timvetse chifukwa chake sukulu ya m'dziko lolemera, ya m'nthawi yathu ino, inali chonchi, tiyenera kubwerera kumene ntchitoyi inayambira kukhala ya madigiri. Sukulu yoyamba ya udokotala wa mano padziko lonse inatsegulidwa ku Baltimore, ku America, mu 1840, ndipo inali ya amuna. Lucy Hobbs, amene anali mphunzitsi, anakanizidwa kuphunzira udokotala ku Cincinnati chifukwa chokhala mkazi. Atatembenukira ku mano, Ohio College of Dental Surgery nayo inamukana mu 1861. Anaphunzira ntchitoyo kwa dokotala wina payekha, natsegula malo ake, kenako anasamukira ku Iowa kumene anagwira ntchito mpaka madokotala aamuna akumeneko anamulandira m'bungwe lawo mu 1865. Apo m'pamene sukulu ija inamutsegulira chitseko, ndipo mu 1866 anakhala mkazi woyamba kulandira digiri ya udokotala wa mano. Taonani dongosolo lake: anayenera kuyamba waonetsa kuti ndi dokotala kale asanaloledwe kukhala wophunzira. Ida Gray, mkazi woyamba wachikuda kupeza digiriyi ku America, anamaliza ku University of Michigan mu 1890, atasenza tsankho la mitundu iwiri nthawi imodzi.

Ku Britain nkhani ya Lilian Lindsay ndi yodziwika bwino. Atapita kukafunsa malo ku National Dental Hospital ku London, mkulu wa sukuluyo, Henry Weiss, sanamulole n'kulowa m'nyumba momwe. Anamufunsira mafunso panja, m'mbali mwa msewu, poopa kuti asokoneza maganizo a ophunzira aamuna. Lindsay anapita ku Edinburgh kumene anamulandira, ngakhale kumenekonso dokotala wina wotchuka, Henry Littlejohn, anamuuza kuti akulanda chakudya pakamwa pa mwamuna wina wosauka. Anamaliza mu 1895. British Dental Association, bungwe la madokotala a mano ku Britain, inamusankha kukhala pulezidenti wake mu 1946, mkazi woyamba pampandowo, patatha zaka 51.

Zifukwa ziwiri zimene Lindsay anapatsidwa n'zofunika kuzisunga, chifukwa sizinafe. Choyamba chimati mkazi ndi chiyeso kwa amuna, choncho vuto ndi iyeyo. Chachiwiri chimati ndalama za ntchitoyi mwini wake weniweni ndi mwamuna.

Sikuti akazi ankaletsedwa kulowa m'chipinda cha dokotala wa mano. Ankalowa ndithu, koma pakhomo lina. Mu 1885 dokotala wa ku New Orleans, C. Edmund Kells, anayamba kugwira ntchito ndi wothandizira wamkazi, ndipo posakhalitsa madokotala ena anayamba kuika zikwangwani zodziwitsa kuti m'katimo muli mayi, kuti odwala aakazi azibwera momasuka. Mu 1913 Alfred Fones anatsegula sukulu ku Bridgeport, Connecticut, yophunzitsa anthu otsuka ndi kusamala mano, ndipo woyamba kulandira chiphaso cha ntchitoyi anali Irene Newman, mu 1917. Kwa zaka zambiri ntchito imeneyi inali ya akazi okhaokha, amuna anayamba kuonekamo m'ma 1960. Ku New Zealand boma linakhazikitsa anamwino a mano a m'masukulu mu 1921, onse akazi, amene ankamata ndi kuzula mano a ana pamalipiro otsika. Ntchito ya ma dental therapist (othandiza odwala mano amene si madokotala) imene ilipo m'maiko ambiri lero inaphukira pamenepo.

Motero ntchitoyi inamangidwa mosanjikiza: pamwamba dokotala wamwamuna, mwini malo, wolamula ndi wolandira ndalama, pansi pake akazi omupatsira zipangizo, otsuka, olemba mabuku ndi otonthoza odwala. Mpaka lero ku America ndi ku Britain, mwa othandizira madokotala ndi otsuka mano 10 alionse, oposa 9 ndi akazi. Chithunzi chimenechi chinakhazikika m'maso mwa odwala komanso mwa ophunzira. N'chifukwa chake dokotala wamkazi amalowa m'chipinda atavala bwinobwino zovala za ntchito, wodwala n'kumufunsa kuti, "Nanga adokotala abwera nthawi yanji?" Winanso amakayika ngati mayi ali ndi mphamvu zozulira dzino la kumapeto, pomwe aliyense wophunzira ntchitoyi amadziwa kuti kuzula bwino kumadalira luso lomasula dzino pang'onopang'ono m'malo mwake, ndipo wogwiritsa ntchito mphamvu zambiri ndi amene amathyola mizu.

Chiwerengero chinasintha mochedwa, koma chitayamba chinathamanga. Cha m'ma 1970 akazi anali pafupifupi 1 kapena 2 mwa ophunzira 100 alionse a udokotala wa mano ku America. Lamulo la Title IX la 1972 linaletsa masukulu olandira ndalama za boma kusala munthu chifukwa chokhala mkazi kapena mwamuna, ndipo ku Britain lamulo lofanana nalo linabwera mu 1975. Lero akazi ndi oposa theka la oyamba maphunzirowa ku America, ndipo ku Britain aposa pang'ono theka la madokotala a mano olembetsedwa. Ku Finland, ku Russia ndi maiko ngati Latvia ndi Lithuania akhala ali ochuluka kwa nthawi yaitali. Ku India nakonso m'makalasi a mano muli akazi ambiri kuposa amuna.

Apa m'pamene ena amati nkhani yatha. Koma ife alimi a fodya timadziwa kuti kuwerenga anthu ali m'munda sikukuuza amene akalandire ndalama: amayi amawokera, kupalira, kuthyola ndi kusoka, koma dzina lolembedwa ku okushoni nthawi zambiri limakhala la bambo. Pa udokotala wa mano funso lenileni ndi lakuti ndani ali ndi chipatala, ndani akutsogolera dipatimenti, ndani akuchita maopaleshoni akuluakulu, ndani akusaina kuti wophunzira wakhoza.

Yang'anani mipando. Jeanne Sinkford anakhala mkazi woyamba kutsogolera sukulu ya mano ku America mu 1975, pa Howard University. American Dental Association, bungwe la madokotala a mano ku America, imene inayamba mu 1859, inadikira mpaka 1991 kuti isankhe pulezidenti wamkazi, Geraldine Morrow. Bungwe la madokotala a mano la dziko lonse, FDI, linakhazikitsidwa ku Paris mu 1900, ndipo mkazi woyamba kulitsogolera anali Michèle Aerden wa ku Belgium mu 2005. Ihsane Ben Yahya wa ku Morocco anatenga mpandowo mu 2021. Pa ukatswiri napo pali kugawikana koonekeratu. Akazi achuluka pa ukatswiri wa mano a ana, koma pa maopaleshoni a nsagwada ndi nkhope, kumene kuli ulemu ndi ndalama zambiri, ku America akhala ali pafupifupi mmodzi mwa 10 kapena kucheperapo. Maphunziro ake amatenga zaka zina 4 mpaka 6 munthu atamaliza digiri yoyamba, ndipo zakazo n'zomwenso mkazi amakhala akuganiza zobereka. Ophunzira aakazi ambiri amalangizidwa, mwina ndi mtima wabwino, kuti asankhe "zogwirizana ndi banja". Mnyamata wa msinkhu womwewo safunsidwa kuti ana adzawalera bwanji.

Za malipiro zimafuna kufotokoza mosamala, chifukwa otsutsa amakhala ndi mfundo zina zoona. N'zoona kuti pa avereji madokotala aakazi ndi achichepere, popeza analowa mochuluka posachedwapa. N'zoonanso kuti ambiri amagwira maola ocheperako akakhala ndi ana aang'ono, ndiponso kuti ochepa ali ndi zipatala zawozawo. Koma kafukufuku amene anatuluka mu 2017 m'magazini ya American Dental Association, poyerekeza madokotala a mano, madokotala ena ndi maloya kuyambira 1990 mpaka 2010, anapeza kuti ngakhale mutaganizira zaka, maola ogwira ntchito ndi zina zotero, gawo lalikulu la kusiyana kwa malipiro limatsalabe lopanda chifukwa choonekera. Ndipo zimene timazitcha "zosankha za mkazi" nazo zili ndi chiyambi chake. Kugula chipatala kumafuna ngongole yaikulu ya kubanki komanso dokotala wachikulire amene angakukhulupirire n'kukugulitsa malo ake. Zoterezi zimakambidwa pakati pa anthu odziwana, kumacheza ndi kumisonkhano kumene mayi wothamangira kukatenga mwana kusukulu sapezekako. Ku Britain madokotala ambiri ogwira m'zipatala za anzawo amaonedwa ngati odzilemba okha ntchito, zimene zimachititsa kuti nkhani ya tchuthi cha uchembere idalire kwambiri zimene zalembedwa mu kontrakiti.

Thupi nalo lili ndi mbali yake, ndipo nkhaniyi sikambidwa mokwanira. Zipangizo zambiri, mipando ndi magolovesi zinapangidwa poyeza dzanja ndi msinkhu wa mwamuna, pomwe ntchitoyi imafuna kuwerama ndi kufinya zala tsiku lonse, moti kupweteka kwa khosi, msana ndi mikono n'kofala. Mu 1992 kafukufuku wa Andrew Rowland ndi anzake, wofalitsidwa mu New England Journal of Medicine, anapeza kuti akazi othandizira madokotala a mano ku California amene ankapuma mpweya wa nitrous oxide, umene amapatsa odwala kuti asamve ululu, kwa maola 5 kapena kuposerapo pa sabata, m'zipinda zopanda makina okoka mpweyawo, ankavutika kutenga pakati. Yankho lolondola pamenepa ndi kuika makinawo. Bwana woganiza molakwika amaona kuti yankho ndi kupewa kulemba mkazi amene angadzakhale woyembekezera.

Koma chimene chimasiyanitsa udokotala wa mano ndi ntchito zina zachipatala, m'kuona kwanga, ndi kuchepa kwa malo ogwirira ntchito. Chipatala cha mano nthawi zambiri chimakhala cha anthu ochepa kwambiri. Mwini wake ndiye dokotala, ndiye wolemba ntchito, ndiye wolipira, ndiyenso amene ungakadandaule kwa iye. Wothandizira amakhala naye moyandikana, mawondo pafupifupi kugundana, m'kachipinda kotseka, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mlandu wa Nelson v. Knight wa ku Iowa unaonetsa kumene zimenezi zingafike. Melissa Nelson anagwira ntchito kwa dokotala James Knight ku Fort Dodge zaka zoposa 10, ndipo bwanayo anavomera kuti anali wantchito wabwino. Anamuchotsa mu 2010 ponena kuti akumukopa mtima ndipo banja lake likhoza kusokonekera. Khoti lalikulu la Iowa, majaji 7 onse amuna, linagamula mu Disembala 2012 kuti limeneli silinali tsankho loletsedwa ndi lamulo, ndipo linabwerezanso chigamulocho mu Julayi 2013. Linati anachotsedwa chifukwa cha maganizo a bwanayo pa iye yekha, osati chifukwa chokhala mkazi. Ine chigamulo chimenechi chimandipweteka. Mayiyo anataya ntchito chifukwa cha zimene zinali m'mutu mwa munthu wina, ndipo ndi chifukwa chomwe chija chimene Lindsay anaimitsidwira panja ku London.

Kusukulu mphamvu imakhalanso m'manja mwa anthu ochepa chimodzimodzi. Wophunzira sangamalize asanakwanitse ntchito zimene anamuikira: mano angapo omata, angapo ozula, mano oikirira, kuchotsa mtsempha wa dzino. Sitepe iliyonse imafuna mphunzitsi woyang'anira kuti aione ndi kusaina, ndipo kuweruza ngati dzino lakonzedwa bwino kumadalira diso la mphunzitsiyo. Akafuna kukuzunza safunika kunena mawu oipa. Amangochedwa kubwera pampando wako, kapena kukubwezetsa ntchito katatu, wodwala wako n'kutopa n'kusabweranso. Akafuna kukukondera zimakhalanso zosavuta, ndipo mtsikana amene wakhoza bwino amayamba kunenedwa kuti pali chimene anapereka. Kalasi imakhala yaing'ono, anthu omwewo kwa zaka 4 kapena 5, ndipo mphunzitsi yemweyo ndi amene adzakulembere kalata yokuchitira umboni ukamafuna ntchito kapena maphunziro a ukatswiri. Wophunzira akawerengera zonsezi, amasankha kukhala chete. Choncho sukulu ikamanyadira kuti ilibe madandaulo, pamafunika kufunsa kaye ngati ophunzira ali ndi kokadandaula kopanda chiopsezo.

Tsankho la kwa akazi limakumananso ndi la mtundu. Madokotala ophunzira kunja amene amasamukira ku Canada, ku America kapena ku Britain amadutsa m'mayeso ndi maphunziro owonjezera okwera mtengo, ndipo mkazi wachikuda kapena wovala hijabu amakumana ndi wodwala amene amakayikira zonse ziwiri, ukazi wake ndi kumene akuchokera. Abale athu ogwira ntchito zaumoyo m'maiko amenewa amaidziwa bwino nkhope imene wodwala amapanga akaona kuti amene amuthandize si amene ankamuyembekezera.

Kwathu ku Malawi nkhaniyi ikutipeza pa nthawi yapadera. Kwa zaka zambiri dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano. Ochepa amene tinali nawo anaphunzira kunja, ndipo ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma imagwiridwa ndi ma dental therapist, amuna ndi akazi, ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences. Mu 2019 College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, inayamba digiri ya udokotala wa mano mothandizana ndi University of Glasgow kudzera mu MalDent Project. Nthawi imeneyo madokotala a mano m'dziko lonse sankakwana 50. Ndiye kuti miyambo ya ntchitoyi kuno ikuumbidwa panopa, ndipo amene akumaliza maphunziro zaka zino ndi omwe adzakhale aphunzitsi, eni zipatala ndi atsogoleri a mabungwe mawa.

Lamulo tili nalo. Gender Equality Act ya 2013 imaletsa kuchitira munthu zachipongwe zokhudza kugonana, ndipo wolakwa akhoza kulipira K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Imalamulanso boma kuonetsetsa kuti m'masukulu a ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 komanso asapitirire 60 mwa 100 alionse, ndiponso kuti malo a ntchito akhale ndi ndondomeko zolandirira madandaulo. Chovuta ndi kuchepa kwa anthu pantchitoyi. Pamene madokotala onse akudziwana maina, munthu amene ungamudandaulire lero akhoza kudzapezeka pa komiti yokufunsa ntchito chaka chamawa. N'chifukwa chake njira yodandaulira iyenera kudutsa kunja kwa dipatimenti, magiredi a ntchito za m'chipatala aziperekedwa potsata mfundo zolembedwa ndiponso ndi aphunzitsi oposa mmodzi, ndipo wophunzira woyembekezera azidziwiratu polemba momwe adzamalizire ntchito zake akabwerako kochira. Wothandizira dokotala m'chipatala chaching'ono cha munthu payekha, amene alibe ofesi ina yopitako kupatula ya bwana wake, ayeneranso kudziwa kuti dandaulo lake likhoza kukafika ku Medical Council of Malawi, imene imapereka ziphaso kwa madokotala a mano, kapena ku Malawi Human Rights Commission, imene inapatsidwa udindo woonetsetsa kuti lamulo la 2013 lija likutsatidwa.